Nsagwada za Bambo M'chaka cha Njala

Bambo anga anagwa kachiwiri m'chaka chimene mashopu a ku Chegutu anatsala mashelefu okhaokha. Ine ndinali kufakitale ya nsalu, kumene tinkapitabe m'mawa uliwonse ngakhale kuti thonje linali litasiya kubwera ndipo magetsi ankayaka mwa apo ndi apo. Tinkangokhala pafupi ndi makina athu n'kumauzana kumene kwamveka ufa. Mnzanga wina ndiye anabwera ndi foni yake n'kundiuza kuti a kwathu ku Eiffel Flats akundifuna, bambo agwa pakhomo ndipo awatengera kuchipatala ku Kadoma.

Kugwa koyamba kunawasiyira mwendo wokoka ndi lilime lolemera pang'ono, koma ankayenda, ankakalipa, ankadya. Ankamwa mapilisi a kuthamanga kwa magazi. Mapilisiwo atasowa m'dziko iwo anati palibe kanthu, munthu amene anapulumuka miyala ya pansi pa mgodi sangafe chifukwa chosowa kambewu koyera. Anali otero bambo. Anabwera kuchokera ku Nyasalande ali mnyamata, anakumba golide mpaka msana unapindika, ndipo mgodi utathana nawo anatsalira m'kanyumba komweko ka pakomboni. Amayi anali atatisiya kale. Amene ankakhala nawo anali azakhali, mlongo wawo wamng'ono, amene anafika ndi kamtolo ka zovala pamutu atathamangitsidwa pa famu ina ya kufupi ndi Selous nthawi imene mafamu ankalandidwa.

Kuchoka ku Chegutu kukafika ku Kadoma si patali, koma makombi, maminibasi a kumeneko, analibe mafuta. Ndinaima pamsewu mpaka dzuwa linafika paliwombo, kenako ndinakwera lole imene tinapanikizanamo ndi anyamata okumba golide m'maenje, fumbi lofiira lili mbuu m'tsitsi lawo. Ana anga ndinawasiya ndi mayi woyandikana naye nyumba. Mwamuna wanga anali atadutsa malire kukafuna ntchito kumwera, ndipo za iye tinkangomva m'mphekesera.

Ndinawapeza bambo atagonekedwa pa bedi lopanda nsalu. Maso awo anandizindikira, zimenezo sindikayika, chifukwa ananditsatira kuchokera pakhomo mpaka pamene ndinagwada. Koma mawu panalibe. Chimene chinkayenda pankhope pawo chinali nsagwada zokha. Zinkatsika n'kukwera, kutsika n'kukwera, mwapang'onopang'ono ndiponso mosaphonya, m'kamwa mulibe chilichonse. Mano anali atatsala ochepa, ndiye zinkamveka kaphokoso konyowa kamene mpaka lero ndikakamva kwa munthu amene akudya pafupi nane ndimadzuka n'kuchokapo.

Azakhali anali atakhala pansi pambali pa bedi, miyendo atatambasula.

“Wabwera ndi chiyani?” anandifunsa asanandipatse n'komwe moni. “Sukuona achimwene ali ndi nzara? Chigonekere pano akungopempha sadza.” Ankasakaniza Chishona m'mawu awo: nzara ndi njala, sadza ndi nsima.

Ndinalibe kanthu. Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa akuba.

Anamwino ambiri anali atasiya kubwera kuntchito, ndipo sindiwaimba mlandu, nawonso anali ndi mimba. Koma m'mawa mwake kunabwera mtsikana wina wovala yunifolomu yoyera, amene ntchito yake inali yophunzitsa anthu ofa ziwalo kuyendanso ndi kudyanso. Anali wamng'ono kwa ine, woonda, nsapato zake zitatha chidendene chifukwa choyenda pansi. Ankalankhula Chishona, ndipo bambo ankachimva bwino. Anawauza kuti ayasamule pakamwa. Maso a bambo anachita khama, khosi linalimba, koma pakamwa sipanamvere. Anawauza kuti atulutse lilime, osatheka. Anawauza kuti asiye kutafuna, nsagwada zinapitiriza. Koma patapita kanthawi bambo anayasamula okha chifukwa cha tulo, pakamwa ponse mpaka tinaona kummero.

“Mwaona, sisi?” anatero mtsikanayo. “Minofu ndi yamoyo. Chimene chaduka ndi njira ya lamulo.”

Anatenga dzanja langa n'kuika zala zanga kunkhongo kwanga, pamene mutu umakumana ndi khosi. Anandiuza kuti m'kati mmenemo muli tsinde la ubongo, ndipo m'tsindemo muli timagulu ta timinyewa timene ntchito yake ndi kuimba ng'oma basi: tsegula, tseka, tsegula, tseka. Timeneti ndi timene timauza mitsempha yopita ku minofu ya nsagwada, mitsemphayo n'kumakoka motsatira. Tina timachita zomwezo ndi kupuma, n'chifukwa chake munthu sasiya kupuma akagona. Anati inuyo mukamadya simuuza nsagwada kuti tsopano tsika, tsopano kwera, mumangoyambitsa, zotsalazo zimachitika zokha. Ubongo wapamwamba ndi umene umati yamba, komanso umene umati leka. Kugwa kwachiwiriku, kumene achipatala amati sitiroko, kunadula njira ya pakati pa ziwirizi, ndiye pansipo ng'oma ikungolirabe popanda woiletsa.

“Si njala?” ndinafunsa.

“Njala angakhale nayo ngati tonsefe. Koma kutafunaku si kupempha. Ngakhale muwakhutitse adzatafunabe.”

Ine ndinamva msanga, chifukwa ndinali nditakhala zaka zambiri pa makina owombera nsalu. Ulusi ukaduka ndipo kachitsulo koimitsa kakafa, makina amapitiriza kumenya ndithu, osawomba kalikonse, mpaka munthu abwere adzawazimitse. Ndinayang'ana bambo anga, munthu amene mawu ake ankamveka mizere itatu ya pakomboni, ndipo ndinamva chisoni chachikulu.

Mtsikanayo sanathere pomwepo. Anawakhazika tsonga, anaika zala zake pakhosi pawo, n'kuwapatsa madzi a pa kasupuni. Madzi anapita. Tinadikira. Kenako bambo anatsokomola mofooka, misozi ili mbwe. Mtsikanayo anati kumeza nakonso kumachokera m'tsinde momwemo, koma tsopano kukuchedwa. Pakhosi pali njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya, ndipo ya mpweya ili ndi kachitseko kamene kamatseka munthu akamameza. Zamadzimadzi zimathamanga, zimafika kachitseko kasanatseke, n'kutsikira m'mapapo. Zikachuluka mmenemo zimabala chibayo. Anati chofunika kwenikweni chinali kachubu kodzera m'mphuno, koma kunalibe. Ndiye tiziwapatsa phala lolimba loti supuni n'kuima, pang'onopang'ono, atakhala tsonga, chibwano atagwetsa pachifuwa. Madzi tiziwasakaniza ndi ufa kuti alemere. Tiyi ayi, mahewu ayi, chilichonse chothamanga ayi.

Anabwerezanso zonsezi kwa azakhali, mwaulemu, atawagwadira. Azakhali ankangoti ehe, ehe. Mtsikanayo atangotembenuka, azakhali anandinong'oneza m'Chichewa kuti, “Kamwana aka sikanalerepo munthu. Chiyambire liti wodwala amapatsidwa zolimba?”

Anatitulutsa m'chipatala chifukwa panalibe choti n'kutisungira. Bambo tinawafikitsa pakomboni pa ngolo ya munthu wina wachifundo.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali supuni. Ufa tinkaupeza movutikira, kachitini kamodzi uku, kena uko, nthawi zina posinthanitsa ndi nsalu zimene fakitale inatipatsa m'malo mwa malipiro. Ndinkaphika phala lolimba, ndinkawatsamiritsa bambo kukhoma ndi mabulangete, ndinkawagwetsa chibwano, n'kuika kansonga ka supuni palilime. Nsagwada zinkalitembenuza phalalo, kulitembenuza, lina n'kumatuluka m'mbali. Ndinkadikira ndikuyang'ana pakhosi mpaka kholingo litakwera n'kutsika. Ndikatero ndinkaikanso kena. Kambale kakang'ono kankatitengera m'mawa wonse, ndipo nthawi zambiri ankatopa kasanathe. Ndikachotsa mbale, ndikawapukuta, nsagwada zinkapitiriza ngati sindinawapatse kanthu.

Ndimanena mosabisa, zinkandikwiyitsa. Ndine munthu wa mtima wapachala, amayi anga ankanena zimenezo ndili kamtsikana. M'nyumba mmene aliyense akugona ndi njala, mmene ife akuluakulu tinkadya maula otola kutchire kuti ufa utsalire wodwala, kukhala maso ndi maso ndi munthu amene akungotafuna tsiku lonse ndi chinthu cholasa mtima. Mutu wanga unkadziwa zimene mtsikana uja ananena. Koma m'mimba mwanga munkamva ngati bambo akundiimba mlandu. Masana ndinkatuluka kukakhala kuseri kwa nyumba, kuyang'ana milu ya dothi la mgodi, kuti ndingopumako.

Kenako kunayamba kubwera ozonda. Kwathu wodwala sumuzonda chimanjamanja, ndipo chimene wabweretsa wodwalayo ayenera kuchilawa iwe ukuona, ngakhale kungonyowetsa milomo n'kumeza kamodzi. Akatero umabwerera mtima uli m'malo. Abale ake akakana ndiye kuti akukuganizira kuti wathiramo kanthu. Pakomboni ngati yathu, pamene anthu anachokera kutali ndipo alibe mudzi wina woti n'kuthawirako, palibe chitonzo choposa chimenecho. Ndipo chimene munthu wa kwathu amatengera wodwala ndi thobwa. Chaka chimenecho kuphika thobwa kunali kudzimana kwenikweni, chifukwa ufa ndi chimera zimene zalowa m'botolo limodzi zikanatha kugoneka ana.

Oyamba anali amayi a kumpingo kwa bambo, atavala zoyera zawo. Anaimba nyimbo imodzi, anapemphera, ndipo wamkulu wawo anatulutsa botolo m'chikwama n'kupempha kapu.

“Pepani amayi,” ndinatero, “bambo saloledwa zamadzimadzi. Siyani, timwa ife.”

Nsagwada zokha ndi zimene zinkamveka.

“Saloledwa ndi ndani?”

“Ndi achipatala. Zimalowa m'mapapo.”

“Thobwa kulowa m'mapapo? Mwana iwe, ine bambo akowa ndinawadziwa iwe usanabadwe. Ukuona ngati ndingawapatse chiyani?”

Ndinayesa kufotokoza za kachitseko, za tsinde la ubongo, mpaka ndinagwira kunkhongo kwanga. Ndinkaona ndekha kuti ndikuoneka ngati wamisala. Mayi wina analoza bambo n'kunena kuti, “Tarisai, taonani, munthu akuchita kutafuna mphepo.” Ndipo choipa kwambiri chinali chakuti maso a bambo anali pa botolo lija. Sanalisiye mpaka linabwerera m'chikwama. Amayiwo anatuluka osatsanzika bwino, botolo lawo anapita nalo.

Anabweranso mdala wina amene anagwira ntchito ndi bambo pansi pa mgodi, woyenda ndi ndodo, chifuwa chikulira ndi fumbi lakale. Iyeyu anabwera ndi thobwa m'kachigubu ka mafuta ophikira. Anakhala pambali pa bambo n'kuyamba kuwalankhula m'Chilapalapa, chinenero chawo cha pansi pa mgodi, kuwaseka kuti agona pa shifiti. Bambo anatulutsa phokoso limene sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kulira. Nditakana thobwa lake, mdalayo anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Aikona, mwanangu,” anatero. “Pansi paja mnzako akavulala, choyamba umam'patsa madzi. Ngakhale mzungu sankaletsa zimenezo.”

Ndinam'yankha mokalipa kuti pano si pansi pa mgodi. Anadzuka ndi ndodo yake, ndipo sanabwerenso.

Mawu anayenda pakomboni mofulumira. Pampope amayi ankasiya kulankhula ndikafika. Ndinamva kuti mwana wa ku Chegutu akuwamana bambo ake chakudya, kuti akufuna kanyumbako, kuti ana ophunzira pang'ono ndi oopsa kuposa afiti. Kanyumba kake kati? Ka zipinda ziwiri, kodontha, kamene ngakhale mwini wake weniweni sitinkamudziwa! Ndinkapsa mtima kwambiri. Koma chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti bambo ankaondadi m'manja mwangamo. Mafupa a m'mapewa anatuluka, milomo inang'ambika ndi ludzu, ndipo madzi anga osakaniza ndi ufa ankawalavula. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Azakhali ankapirira zonsezi mwakachetechete, ndipo ine ndinkaganiza kuti amva. Tsiku lina masana ndinalowa m'nyumba kuchokera kotunga madzi n'kuwapeza atagwada pafupi ndi bambo, kapu ya tiyi wopanda shuga ili m'manja. Ndinaimenya kapuyo mpaka inakagunda khoma.

“Mukufuna kuwapha?” ndinakuwa.

Azakhali anadzuka pang'onopang'ono. Anali munthu wamfupi, wa manja okhakhala ndi ntchito ya fodya ndi thonje, ndipo sindinawamvepo akukweza mawu.

“Iwe ukudziwa kupha?” anatero. “Atatichotsa pa purazi, pa famu paja, tinakhala m'mphepete mwa msewu, pansi pa mapepala a pulasitiki. Ena anapita kumidzi kwawo. Ife tipite kuti, poti ankatiuza kuti mubwerere kwanu ku Malawi kumene sitinakuoneko? Amuna anga anadwala pomwepo. Ankandipempha phala, ine ndilibe ndi chikhatho chimodzi chomwe cha ufa. Anapita m'mimba mulibe kanthu, ine ndikuwayang'ana. Ndinawasambitsa pakamwa ndi madzi a m'ngalande. Ndiye lero ufa ulipo, anthu akubweretsa okha pakhomo, iwe ukuti ndikhalenso pansi ndiziyang'ana?”

“Si kupempha kumeneku, azakhali. Munamva nokha.”

“Ndinamva. Kamtsikana kako kanati ndi ng'oma. Chabwino, ndi ng'oma. Nanga maso aja nawonso ndi ng'oma?”

Ndinatola kapu ija n'kukaitsuka, ndipo tsiku limenelo sitinalankhulanenso. Koma madzulo ake anabwera okha kudzandithandiza kuwatsamiritsa bambo, anandigwirira chibwano chawo ine ndikudyetsa, ndipo ndinati basi tagwirizana.

Patapita masabata angapo kunabwera uthenga wakuti kufakitale akugawa ufa kwa antchito amene afike okha, komanso kuti mwana wanga wamng'ono akutsegula m'mimba. Ufa wathu unali utatsala wa pansi pa chitini. Ndinaphika phala lolimba lokwanira, ndinalivundikira, ndinawaonetsanso azakhali kukula kwa supuni. Ndinawagwira manja onse awiri.

“Ndikupemphani, azakhali. Zamadzi ayi. Ndibwera lero lomwe.”

“Pita ukaone mwana,” anatero.

Sindinabwere tsiku lomwelo. Mzere wa ufa unatha dzuwa litapendeka, mwana ndinam'peza atafooka, ndipo pamsewu panalibe galimoto yoima. Ndinafika ku Eiffel Flats mawa lake masana, kathumba ka ufa kali pamutu, ndikudzimva ngati munthu amene wapambana nkhondo.

Pakhomo panali posesa bwino. M'nyumba munkanunkhira sopo, sindikudziwa kumene anam'peza. Bambo anali atasambitsidwa, atavekedwa malaya awo a kutchalitchi, ndevu zitametedwa. Azakhali anandilandira ndi nkhope yowala imene sindinaionepo chichokereni ku famu.

“Amwa,” anatero. “Amayi a kumpingo anabweranso dzulo, atamva kuti wachoka. Amwa thobwa kapu yonse, wina aliyense akuona. Lero m'mawa amwanso. Sanatsamwe ngakhale pang'ono.”

Kathumba kaja ndinakatsitsa pansi. Ndinafunsa kuti anawamwetsa bwanji, poti milomo yawo sinkagwira kapu. Anandionetsa monyadira. Anachita mmene amayi akale ankamwetsera phala makanda: kum'goneka chagada pamiyendo, kukhoma chikhatho pansi pa mlomo ngati kambale, kuthira mmenemo kuti pakamwa pamire, ndipo akachedwa kumeza kum'tsina mphuno pang'ono. Ananena kuti ana awo onse anawalera choncho ndipo palibe amene anafa ndi phala. Anati bambo atamaliza anagona tulo tabwino.

Mtsikana wa kuchipatala uja anali atandichenjeza za zimenezi. Anati kusatsokomola si umboni wakuti zapita bwino, nthawi zina pakhosi pamakhala patafooka moti zinthu zimatsika m'njira ya mpweya mwakachetechete. Ndinagwada n'kuika khutu pachifuwa pa bambo. Munkamveka ngati madzi akuyamba kuwira mumphika. Thupi linali lofunda kale.

Sindinakuwe. Anthu amene amandidziwa sakhulupirira ndikawauza zimenezi. Ndinatuluka kukafuna ngolo.

Kuchipatala anatiuza chimene ndinkachidziwa kale, kuti ndi chibayo. Mankhwala obaya panalibe, anatilembera kuti tikagule, ndipo m'masitolo a mankhwala a mu Kadoma ankafuna ndalama zakunja zimene ine ndinali ndisanazigwirepo. Ndinayenda tauni yonse mpaka ku Rimuka kwa msuweni wa mwamuna wanga, amene anandipatsa mapilisi otsala a mwana wake. Ndinawasinja n'kuwasakaniza ndi phala, koma bambo anali atasiya kumeza ngakhale zolimbazo. Mtsikana uja ndinakumana naye pakhonde. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso azakhali. Anangondiuza kuti ngati tikufuna kuti akapumire kwawo, tiwatenge akadali ndi mphamvu ya ulendo.

Tinabwerera nawo pakomboni. Tsopano ozonda ankabwera ambiri, ndipo ankandipatsa moni mwaulemu, chifukwa mlandu wanga unali utatha: bambo anali atamwa thobwa la anthu. Amayi ena ankanong'onezana kuti akanayamba kale kumwa bwenzi ali ndi mphamvu yolimbana ndi chifuwachi. Ndinkawamva. Ndinkangoyang'ana pansi, chifukwa ndikanatsegula pakamwa sindikudziwa chimene chikanatuluka.

Masiku omaliza ndinkakhala pambali pawo n'kumamvetsera zinthu ziwiri zimene zinatsala zikuyenda m'thupi lawo, nsagwada ndi mpweya. Maso anali atasiya kutitsatira. Nsagwada ndi zimene zinayamba kufooka, zinkatafuna kangapo n'kuima, kenako n'kuyambanso. Zitaima osayambanso, azakhali anati, “Waona, akhuta,” ndipo ine ndinaluma mlomo mpaka unatuluka magazi. Mpweya unapitirira wokha. Unkabwera mwamphamvu, n'kumachepa, n'kumachepa, n'kusowa nthawi yaitali moti ndinkadzuka kuti ndiitane anthu, kenako chifuwa n'kudzukanso. Ndinkadziwa kuti bambo anga amene ankakalipa ndi kuseka apita kale, kuti chatsala ndi timinyewa tija ta kunkhongo timene sitinauzidwe kuti ntchito yatha. Kudziwa zimenezo sikunandithandize chilichonse. Nthawi iliyonse mpweya ukabwerera ndinkathokoza Mulungu, ndipo ukasowa ndinkapempha kuti usabwererenso, avutika mokwana.

Anatisiya m'mawa, dzuwa litalowa kale pazenera, anthu akupita kumpope ndi zigubu zawo. M'nyumba tinalimo awiri, ine ndi azakhali. Tinadikira nthawi yaitali kuti mwina chifuwa chidzukanso.

Kwathu maliro salira thupi lisanakonzedwe. Wamkulu amene alipo amatseka maso, amawongola miyendo ndi manja, n'kumanga chibwano kuti pakamwa pasatsale poyasama, ndipo akatero m'pamene amauza anthu. Azakhali anatseka maso a achimwene awo bwinobwino. Koma atafika pa chibwano analephera kupitiriza. Anandiuza kuti ndimange ine, iwo agwirizize. Ndinang'amba mpango wanga, ndinaudutsa pansi pa chibwano, ndinamanga mfundo pamwamba pa mutu. Nsagwada zija zinali zopepuka m'manja mwanga, ndipo zinatseka mosavuta.

“Usathinitse kwambiri,” anatero azakhali. “Ungawapweteke.”

Ndinamasulako pang'ono. Iwo anakokera bulangete mpaka pachifuwa, n'kusiya dzanja lawo pamimba pa bambo. Analisiya pamenepo nthawi yaitali.

“Koma achimwene apita atadya,” anatero. “Eti mwanawe? Apita atadya.”

Anandiyang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti sakundiuza, akundifunsa. Ndinaonanso kuti akudziwa. Mawu onse amene ndinawasunga chibwerereni kuchokera ku Chegutu anali pakhosi panga, okonzeka, ndipo anali oona. Patsogolo panga panali mayi wokalamba wopanda mwamuna, wopanda mudzi, ana ake atabalalika osadziwika kumene ali, amene tsopano analibenso mlongo, ndipo munthu yekhayo amene anatsala naye padziko anali ine.

“Inde, azakhali,” ndinatero. “Adya.”

Atamva zimenezo anagwa pansi n'kuyamba kulira, ndipo ine ndinatuluka kukauza anthu.